Chithunzi cha Mutu wa Chipo

Tendai ndi Rudo, ana anga, gawo lino la mbiri yanga ndikulilemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti mumamva koma mumayankha m'Chishona, ndipo powerenga mudzatuluka thukuta. Liwu lina likakukanikani, kwerani kombi mupite kwa amalume anu ku Unit N akakuwerengereni, popeza alibe chochita china kupatula kukangana ndi wailesi. Zina zonse za m'kope lino mukhoza kudzawerenga nditafa. Koma gawo lino, iwe Rudo, uliwerenge sabata ino, chifukwa uli ndi pakati ndipo pali chinthu chokhudza magazi ako chimene ndakubisira zaka zambiri. Ndinayesa kukuuza pamaso, mawu anandithawa. Ndiyambira kuntchito, chifukwa ndi kumene ndinachidziwira.

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Nditamaliza maphunziro ojambula ekisire, ananditumiza kuchipatala china chaching'ono cha kuminda ya fodya, osati kutali ndi famu imene agogo anu aamuna ankagwirako ntchito. Ekisire ndi chithunzi chija choonetsa mafupa, chimene inu muli ana munkati amayi amajambula mizukwa. Bwana wanga anali VaGondo, bambo wamfupi, waukhondo wonyanya, amene ankayamba wapukuta chitseko ndi mpango asanachigwire. Tsiku loyamba sanandionetse makina. Anandikhazika pampando n'kunena kuti, “Isu tinotora mifananidzo, hatitaure.” Ife timajambula zithunzi, sitilankhula. Anati kaya ndaona fupa lothyoka, kaya chifuwa chachikulu, kaya chotupa, nkhope yanga izikhala ngati ya munthu wodikira basi, chifukwa wonena ndi dokotala. Wodwala akafunsa kuti mwaona chiyani, yankho ndi limodzi: chithunzi chatuluka bwino. Ine ndi pakamwa pangapa ndinafunsa kuti nanga dokotala akapanda kuona chimene ine ndaona? “Mwanangu,” anatero, “ngati ukufuna udokotala, sukulu yake ili ku Harare. Basi imanyamuka m'mawa.”

Zinthu zinkasowa kuyambira kalekale, musamanamizidwe kuti zinayamba dzana. Mafilimu akachepa tinkawadula pakati m'chipinda chamdima kuti imodzi ikwanire anthu awiri, ndipo mankhwala otsukira akatha mphamvu mafupa ankatuluka otuwa moti VaGondo ankapita nawo panja kukawayang'ana padzuwa. Koma sindinawamvepo akudandaula, ndipo zambiri zimene ndikudziwa anandiphunzitsa ndi iwo.

Ndi pachipatala chomwecho pamene ndinasiya kukhala Nabanda. Odwala ambiri anali a m'mafamu, anthu athu ochokera ku Malawi, ndipo ena mwa anzanga akamadya nkhomaliro ankawatcha dzina lonyoza lakuti mabwidi n'kumaseka kayankhulidwe kawo. Ine ndinkaseka nawo pang'ono kuti asandiyang'ane. Tsiku lina kunabwera mdala wina atathyoka nthiti pogwa m'shedi ya fodya. Ndikumuimika pamakina anati, “Pepa mwana wanga, pang'onopang'ono, apa pakupweteka.” Ndinamumva bwinobwino, koma ndinamuyankha m'Chishona ngati sindinamve, chifukwa namwino wina anali ataima pakhomo. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mdala uja. Kenaka ndinakwatiwa ndi bambo anu, Mshona wa ku Seke, iwe Tendai n'kubadwa, ndipo aliyense anayamba kunditcha Mai Tendai. Dzina limenelo linandifunditsa bwino, palibenso amene anafunsa za kwathu.

Chaka chimene Rudo anayamba sukulu

Chaka chimenecho anandisamutsira kuno ku Chitungwiza, ndipo tinapeza nyumba ija ya ku Unit O imene munakuliramo. Dzina la chipatala ndilisiya, mukulidziwa kale. Bwana wanga watsopano anali Mai Dube, mayi wamtali, wa mawu ochepa, amene ankadziwa kuti wachedwa ndani popanda kudzutsa mutu. Patapita nthawi kunabwera makina a sikani, ndipo anasankha atatu kuti tikaphunzire, ine mmodzi wa iwo. Sikani ndi chimphete chachikulu ngati tayala la thirakitala. Munthu amagona pabedi, bedilo n'kumulowetsa mutu m'chimphetemo, ndipo makina amajambula ubongo magawomagawo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Nditaona ubongo wa munthu wamoyo koyamba ndinazizwa, ine amene ndinazolowera mafupa okhaokha. Mavuto ake analiponso: magetsi kuzima munthu ali m'kati, mankhwala obaya m'mitsempha kuti iwale pachithunzi kusowa miyezi, kachitsulo kamodzi kufa n'kudikira kochokera kunja mpaka kuiwala.

Pali chinthu chimodzi cha makinawa chimene muyenera kuchimvetsa. Pojambula, ife timakhala m'kachipinda kena kuseri kwa galasi, chifukwa mphamvu ya makina si yoti uzikumana nayo tsiku ndi tsiku. Ndiye m'chimphete muja anaikamo kamaikolofoni, ndipo patebulo pathu pali sipika ndi batani. Ndikadina batani wodwala amandimva, koma iye ndimamumva nthawi zonse, ngakhale akunong'ona. Odwala ambiri sadziwa zimenezi. Ndamvapo abambo akutchula maina a akazi amene sanali akazi awo, amayi akutukwana apongozi, ena akulonjeza Mulungu zinthu zoti sangakwanitse. Mai Dube anawonjezera lamulo lachiwiri pa la VaGondo lija: zomveka pasipika zimathera pasipika. Malamulo awiri amenewa ndinawasunga zaka zambiri, mwina chifukwa kukhala chete ndinali nditazolowera kale.

Chaka chimene bambo anu anamwalira

Nditabwerera kuntchito maliro atatha, mutu wanga sunkagwira bwino. Ndinkatha kuika ketulo pamoto mulibe madzi. Ndi m'miyezi imeneyo pamene anabweretsa Chipo, Lachiwiri lina m'mawa. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, wochepa thupi, maso achikasu. Dzulo lake ali kusukulu pensulo inamugwa m'manja, dzanja lamanja ndi mwendo n'kufooka, pakamwa n'kupotoka. Anamuperekeza ndi bambo ake, mwamuna wamtali wovala shati yositidwa bwino, komanso dokotala wa ana, mtsikana wachangu amene tinkangomutcha Dokotala Rumbi. Mayi ake a Chipo anali atatsala kunyumba ndi khanda.

Ine ndikulemba fomu, dokotala anapitiriza kufunsa mafunso pakhonde pomwepo. Bamboyo anafotokoza kuti mwanayo wakhala akudwaladwala chibadwire, miyendo ndi manja kupweteka mpaka kulira, magazi kuchepa, ndipo kukiliniki ankangomupatsa mankhwala a malungo ndi owonjezera magazi.

“Baba, kumusha ndekupi?” anafunsa dokotala, kutanthauza kuti kumudzi kwanu ndi kuti.

“KuMurehwa.”

“Mbali zonse, kwanu ndi kwa amayi ake? Palibe agogo ochokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique?”

“Hapana, palibe,” anatero bamboyo, msangamsanga.

Ndinaona dokotala akufufuta mzere umodzi papepala lake. Ndinadziwa chimene anafufuta. Pali matenda a magazi otchedwa sikoselo, amene mwana amatengera kwa makolo onse awiri. Timagawo tofiira ta magazi timapindika ngati chikwakwa n'kumatseka mitsempha. Madokotala athu ankati kuno sawaona kawirikawiri, ndi ofala kumtunda kuja kumene makolo athu anachokera. Mankhwala oyezera anali atatsala pang'ono kulabu, ndipo dokotala sakanawagwiritsa ntchito popanda chifukwa chomveka.

Mwana akamajambulidwa timalola kholo limodzi kutsala naye, litavala epuloni yolemera ya mtovu, kuti mwanayo asagwedezeke. Ndinawaveka bamboyo epuloni, ndinagoneka Chipo, n'kupita kuseri kwa galasi kumene kunali Mai Dube. Bedi litayamba kuyenda mwanayo anayamba kulira. Bamboyo anawerama, pakamwa pafupi ndi khutu la mwana, ndipo pasipika panamveka mawu awa, m'Chichewa chosalala ngati cha bambo anga: “Usaope mwana wanga, ine ndili pompano. Gona phee. Ambuye Yesu, uyu yekha musanditengere.”

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinachita dala kapena chinali chisoni cha maliro chija. Ndinangoona chala changa chili pabatani, ine ndikunena kuti, “Bambo, mugwireni chibwano, asagwedeze mutu.” M'Chichewa. Bamboyo anauma. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana galasi, nkhope ngati ya munthu wogwidwa m'munda wa eni ake. Mai Dube anandiyang'ana kamodzi.

Zithunzi zitayamba kutuluka pasikirini ndinasokonezekanso kwambiri. Kumanzere kwa ubongo kunali chigamba chakuda, pamene magazi anasiya kufika, ndipo cha apo ndi apo panali timadontho tina takale. Imeneyo ndi sitiroko, ndinali nditaiona kambirimbiri, koma mwa nkhalamba za shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndinaganiza kuti makina asakaniza zithunzi ndi za mdala amene ndinamujambula m'mawa womwewo. Ndinayang'ana dzina, ndinayang'ananso, mpaka ndinafunsa Mai Dube ngati ndikuona bwino. Anati ndikuona bwino, ana nawonso imawagwira, kungoti anthu sadziwa. Timadontho takale tija tinkatanthauza kuti sikanali koyamba, ndipo ngati gwero lake silipezeka, ina ikubwera.

Nthawi ya nkhomaliro bamboyo anandipeza pampopi kuseri kwa chipinda chathu, ndikutsuka kapu. Anayang'ana uku ndi uku asanalankhule.

“Achemwali,” anatero chapansipansi, “zimene mwamva zija, ndapota nanu, zithere mommuja.”

“Bambo a Chipo, bwanji munawanamiza adokotala?”

“Sindinaname kwenikweni. Chitupa changa chimati Murehwa.” Anandifotokozera kuti bambo ake omubereka anachokera ku Zomba, makolo a mkazi wake ku Dedza, koma iye analembetsa chitupa m'dzina la bambo omupeza, kuti chisakhale ndi chizindikiro chija chonena kuti ndiwe mlendo. Ndi chitupa chimenecho anapezera ntchito yoyendetsa galimoto paofesi ina. “Zikadziwika, basa rapera, ntchito yatha. Ana anga adya chiyani?”

“Adokotala sakufuna chitupa chanu. Akufuna kudziwa choti ayeze.”

“Zimayamba choncho. Chikalembedwa pafayilo chalembedwa. Inuyo, amene mukulankhula apa, pano amakudziwani kuti ndinu ndani?”

Pamenepo anandilasa. Ndinangoti ndamva.

Masiku awiri ndinayenda ngati wodwala malungo. Ndikaganiza za VaGondo, ndinkati si ntchito yanga, dokotala apeza yekha. Ndikaganiza za bamboyo, ndinkati munthu wandipempha ngati mlongo wake, ndipo mantha ake ndikuwadziwa fungo lake chifukwa ndi anga omwe. Ndinkadziuzanso kuti mwina si sikoselo n'komwe, ndingogwetsa banja la eni ake pachabe. Kenaka ndinkaona chigamba chakuda chija. Panalibe woti ndimufunse. Bambo anu, amene ankatha kundiuza kuti ndikupusa ndikamapusa, anali m'manda.

Lachinayi ananditumiza kuwodi ya ana kukajambula chifuwa cha mwana wina ndi makina oyenda nawo. Chipo anali pabedi la pafupi ndi zenera, akuyesa kudya phala ndi dzanja lamanzere, likutayikira pachifuwa. Bambo ake anali atapita kuntchito. Dokotala Rumbi anaima chapatali akuyang'ana fayilo, ndipo ataona ine anadandaula kuti zonse zimene ayeza sizikuonetsa kanthu, mtima uli bwino, kachilombo alibe, ndipo akuopa kuti mwanayo amutulutsa osadziwa chimene chikumudya.

“Adokotala,” ndinatero, “yezani chija munafufuta.”

Anatseka fayilo. “Mai Tendai, mukudziwa chiyani?”

“Ine ndine Nabanda. Bambo anga anachokera ku Nkhotakota. Anthu athu ndikawamva ndimawadziwa.” Ndinali ndisanatchulepo dzina limenelo pachipatala chilichonse. “Koma chonde, za kwawo musalembe paliponse.”

Anati salemba, ndipo ndikukhulupirira kuti sanalembe. Zotsatira zinabwera sabata yotsatira: inali sikoselo. Chipo anayamba kumuika magazi nthawi ndi nthawi kuti sitiroko isabwerenso. Khanda lija nalo analiyeza, linapezeka nawo matendawo, ndipo anayamba kulisamalira lisanagwe m'mavuto a mkulu wake.

Mungaganize kuti apa ndinapuma. Ayi ndithu. Bambo a Chipo sanandipatsenso moni. Tinkakumana pa Makoni, pamsika kapena podikira kombi, iwo n'kuyang'ana kumbali ngati ndine mtengo. Patatha chaka ndinamva kuti ntchito ija inatha. Ena ankati ofesiyo inachepetsa madalaivala, ena ankati panali nkhani ya mapepala. Choona sindinachidziwe, ndipo ndinalibe nkhope yokafunsira. Ngati anali mapepala, anatulukira kuti? Kwa ine? Kwa namwino wina amene anamva ndikulankhula kuwodi? Kapena sizikukhudzana n'komwe? Funso limeneli ndakalamba nalo.

Mai Dube anandiitana muofesi mwawo. Anandikumbutsa malamulo awiri aja, kuti ndaswa onse m'sabata imodzi, ndipo ndisadzabwerezenso. Ndinapepesa, ndipo popeza zinali zitaululika kale, ndinapepesanso kuti zaka zonsezi sindinawauze kuti ndine wa ku Malawi. Anavula magalasi.

“Mai Tendai, tonse tikudziwa. Pamaliro a amuna anu munalira m'chiyankhulo chanji? Theka la chipatala linali pomwepo.”

“Ndiye palibe amene ananena kanthu?”

“Tinene chiyani? Ena tinkadziwa kalekale. Bwererani kuntchito, pali anthu pamzere.”

Ndinatuluka mutu utaima. Zaka zonse zija ndinkabisira ndani? Ndinakwiya, koma osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Komabe musaganize kuti mantha a bambo a Chipo anali opanda pake. Ine ndinali ndi pepala la sukulu ndi dzina la bambo anu. Iye anali ndi chitupa chokha.

Mwezi womwewo ndinapita kulabu ina ya m'tauni kukayezetsa magazi anga. Anandiuza kuti sindikudwala, koma ndili ndi mbewu ya sikoselo, theka lake, lochokera kwa kholo limodzi. Munthu wotero amakhala bwinobwino mpaka kukalamba. Vuto limabwera akabereka ndi mnzake amene alinso ndi mbewuyo, chifukwa mwana akhoza kutenga mbali zonse ziwiri. Sikuti mwana aliyense amatenga, koma zimachitika. Mukukumbukira Loweruka lija ndinakutengani nonse awiri kupita ku Harare, ndikunena kuti ndi zoyeza za kusukulu, kenaka ndinakugulirani tchipisi? Kunali kumeneko. Tendai, iwe ulibe. Rudo, iwe uli nayo mbewuyo ngati ine. Sindinakuuze. Unali ndi zaka khumi ndi zitatu, bambo ako atangomwalira kumene, ndipo chaka chomwecho unamenyana ndi mnzako kusukulu chifukwa anakutcha dzina lija la m'mafamu. Ndinati ndidzakuuza ukakula. Unakula ine ndikuona, ndipo chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa.

Chaka changa chomaliza pantchito

Kutatsala miyezi yochepa kuti ndipume, ndinaona dzina la Chipo pafomu. Analowa mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wovala yunifomu, akukoka mwendo pang'ono, limodzi ndi mayi ake. Mutu unkamupweteka kwa masabata, ndipo dokotala anafuna kuona mitsempha ya mu ubongo. Mwamwayi mankhwala obaya aja analipo. Ndinamugoneka, iye osaonetsa kuti wandizindikira, ndipo ndinapita kuseri kwa galasi. Bedi lisanayambe kuyenda, sipika inalankhula.

“Mai Tendai, muri kundinzwa here?” Kodi mukundimva?

Ndinadina batani. “Ndikukumva, mwanawe.”

“Baba anati inu mumamva zonse muno.” Anaseka pang'ono, kenaka anapitiriza m'Chishona: “Vanoti ndimi makandiponesa. Asi havadi kunzwa zita renyu mumba.” Bambo ake amati ndine amene ndinamupulumutsa, koma safuna kumva dzina langa m'nyumba mwawo.

Ndinangoti agone phee, tiyambe.

Mitsempha inawala pasikirini ngati mizu ya mtengo, ndipo pa umodzi, pansi pa ubongo, panali kathumba kakang'ono kotupa. Madokotala amakatcha anyurizimu. Ndi malo amene khoma la mtsempha lafooka, ndipo kakaphulika munthu akhoza kugwa pomwepo. Kakapezeka msanga, pali madokotala amene amatha kukatseka. Ndinathamangitsa zithunzizo kwa dokotala wowerenga zithunzi ndisanamutsitse n'komwe pabedi. Pomuthandiza kuvala nsapato anandiyang'ana m'maso.

“Mwaona chiyani?”

“Chithunzi chatuluka bwino,” ndinatero. “Adokotala akufotokozera.”

Ndinamva mawu a VaGondo akutuluka pakamwa panga, ndipo mtsikanayo anagwedeza mutu ngati wamva zimene sindinanene. Tsiku lomwelo anamutumiza ku Harare. Kuchokera pamenepo sindinamvenso za iye. Ife ojambula ndi mmene timakhalira, timaona pakati pa nkhani, mapeto amakaonera ena. Ndinafunsafunsa pa Makoni, wina anati banjalo linasamukira ku Epworth, wina anati ku Joni. Ndikaona mtsikana wokoka mwendo ndimafulumira kuti ndimuone nkhope.

Chaka chino

Tsopano ndafika pa iwe, Rudo. Tsiku la roora yako, abale a Farai atabwera kudzapereka malowolo, anatiuza kuti kwawo ndi ku Mutoko, ndipo tinawalandira bwino. Farai ndi mkamwini wabwino, sindinamupeze chifukwa. Koma masana, nditapita kuseri kwa nyumba kukatenga mbale, ndinapeza asekuru ake aja, amalume a chipewa chakuda, ataima pampanda ndi akazi awo. Sanandione. Ndinamva akunena kuti, “Mayi, tiyeni tizitsanzika, dzuwa lapendeka.” Sichinali Chishona cha ku Mutoko chimenecho, chinali Chichewa chathuchi. Ndinabwerera ndi mbale zanga mwakachetechete, ndipo ndinakhalanso chete chaka chathunthu. Mwezi watha utandiuza za pakati, ndinayamba kuti, “Mwana wanga, kodi a kwa Farai unawafunsa bwino za kwawo?” Iwe unaseka n'kuti, “Mhamha, zvekuMalawi zvine basa rei?” Za ku Malawi zili ndi ntchito yanji. Ndinasekanso nawe, ngati mmene ndinkasekera pankhomaliro paja.

Mwina ndinamva molakwika. Mwina asekuru aja ndi a chikwati chabe, magazi awo sakumukhudza Farai. Mwina Farai alibe mbewuyo, ndipo ngakhale ali nayo mwana akhoza kubadwa bwinobwino. Mwinanso Farai sakudziwa n'komwe za makolo ake, ndipo ine ndikuululanso chinsinsi cha eni ake, ngati mmene ndinachitira ndi bambo a Chipo. Za ulendo woyamba uja sindikudziwabe ngati ndinamanga kapena ndinagumula, ndipo ulendo uno apongozi ako akhoza kusiya kundipatsa moni. Ndikuopa, sindikubisa. Koma ubongo wa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi wokhala ndi chigamba chakuda ndinauona ndi maso angawa, ndipo mwana akadziwika msanga madokotala amakhala ndi pogwira.

Pepala la zotsatira zako lili m'Baibulo langa, lafiirira koma likuwerengeka. Lachinayi m'mawa ndikwera kombi pa Makoni ndikubweretsere, ndipo umuuze Farai apemphe tsiku kuntchito, tipite tonse atatu akayezetse. Ukandikwiyira chifukwa cha zaka zonsezi, undikwiyire m'kombi, ndimva. Chimodzi chokha ndikukupempha. Dokotala akafunsa kuti kumudzi ndi kuti, usayang'ane kwa ine. Uyankhe wekha, mokweza, kuti Seke ndi Nkhotakota, Farai ali pomwepo akumva.